Thumba la khonsolo likaphwa, amagamula ndani zoti zidulidwe?

Pa msonkhano wina wa komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu umene ndinakhalapo, m'kalasi ya sukulu ina ya pulaimale m'chigawo chapakati, mlembi anali atalemba ndi choko zinthu zisanu ndi ziwiri pabolodi: mjigo, kamlatho ka pamtsinje, nyumba ya mphunzitsi, chidikiro cha amayi oyembekezera, denga la sukulu ya mkombaphala, zimbudzi za pamsika ndi njinga yonyamulira odwala. Anthu anakokanakokana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. A gulupu ena anaimirira kawiri konse kukumbutsa kuti anthu awo akhala akumwera limodzi ndi ng'ombe kudambo kuyambira nthawi ya MASAF. Mayi wina, mwana ali kumbuyo, anafotokoza za mnzake amene anachirira panjira usiku chifukwa kuchipatala kunalibe malo oti akadikirireko. Manja atakwezedwa, mjigo unatsogola, chidikiro n'kubwera pambuyo pake. Apa mpamene mlangizi wa zachitukuko wochokera ku boma, amene nthawi yonseyi anangokhala phee akulemba m'kabuku kake, anadzuka. "Mafumu ndi makolo anga, zonse talemba ndipo tikapereka. Koma ndisakubisireni, funding ya miyezi iwiri sinabwere."

Palibe anadzuma. Anthu anangoyang'anana, wapampando n'kupempha abusa kuti atseke ndi pemphero. Komatu m'mawu a mlangiziwo ndi mmene mwagona nkhani yonse. Ndalama za zipatala, sukulu ndi chisamaliro cha ovutika zikachepa, kusankha kumachitika pamalo angapo osiyana, ndipo malo amene anthu amakwezapo manja ndi amene ali ndi mphamvu yochepa kuposa onse.

Papepala njira yake ndi yowongoka. Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo cholinga chinali chakuti sukulu za pulaimale, zipatala za m'maboma, madzi a kumudzi, ulangizi wa zaulimi ndi chisamaliro cha anthu ziziyendetsedwa ndi makhonsolo m'malo mwa maunduna a ku Capital Hill. Makhonsolo a maboma alipo 28, kuphatikiza a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndi ena ochepa a matauni. Zofuna za anthu zimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko imene imakhala pa gulupu. Iyoyo imandandalika mavuto a midzi yake, lalikulu pamwamba, n'kupereka ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (T/A), kumene alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi a zamaphunziro amathandiza kuona zimene zingatheke. Kuchoka apo mapepala amapita ku boma, bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi n'kuwaluka kukhala dongosolo la chitukuko la zaka zisanu. Chaka chilichonse amatapamo zolowa mu bajeti, komiti ya zachuma imaunika, ndipo msonkhano wa khonsolo yonse umavomereza chaka cha ndalama chisanayambe pa 1 April.

Pa msonkhano wa khonsolo yonsewo si onse okhala pampando amene amavota. Makhansala amavota. Mafumu akuluakulu ndi oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anthu aulumali amalankhula koma dzanja lawo siliwerengedwa. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapatsidwa voti mu 2010 lamulo litasinthidwa, ndipo kusintha komweko kunapatsa nduna mphamvu yosankha bwanamkubwa. Pali mbiri ina imene achinyamata ambiri saidziwa koma imafotokoza zambiri: makhansala amene anasankhidwa mu November 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka May 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi bwanamkubwa, mafumu ndi aphungu anazolowera kugwirizana okha. Makhansala atabwerera anapeza mipando yawo ili ndi eni ake kale, ndipo mpaka lero khansala wa kumudzi, amene mwina anabwera pa kabaza, amapatsidwa chibuku cha bajeti cha Chingerezi m'mawa wa tsiku lomwelo la msonkhano. Avomereze chiyani, akane chiyani?

Koma ngakhale khansalayo atawerenga tsamba lililonse, angapeze kuti ndalama zimene angazisunthe ndi zochepa kwambiri. Khonsolo ili ndi ndalama zotolera yokha: matikiti a pamsika, ziphaso za malonda, za pa depoti, ndipo m'mizinda misonkho ya nyumba ndi malo. Kwa khonsolo ya boma lakumudzi zimenezi n'zongokwanira kulipira alonda, osesa ndi otolera matikiti omwewo, nthawi zinanso osakwanira. Zambiri zimachokera ku Treasury, thumba lalikulu la boma, kudzera ku NLGFC, bungwe loona za chuma cha maboma aang'ono. Ndondomeko ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira zosachepera 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya ndalama zimene dziko latolera kuti achitire chitukuko, koma lonjezo limeneli lakhala likungoyenda m'malipoti. Ndipo zimene zimabwerazo zimafika zitalembedwa kale dzina pachipumi. Izi ndi za malipiro, izi za mankhwala, izi za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), izi za chitukuko cha boma lonse, izi za ntchito za tsiku ndi tsiku za zaumoyo, izi za maphunziro.

Malipiro a aphunzitsi ndi anamwino amadutsa m'mabuku a khonsolo, koma palibe khansala angawakhudze. Ndalama zambiri za mankhwala sizifika n'komwe m'manja mwa khonsolo. Zimalipiridwa ku Central Medical Stores Trust, bungwe logula ndi kugawa mankhwala a zipatala za boma, chipatala n'kumangotenga mankhwala mochotsera pa gawo lake. Chotsala ndi thumba limene ogwira ntchito m'boma amalitcha ORT, la zofunika za tsiku ndi tsiku. M'menemo ndi mmene muli mafuta a ambulansi, dizilo wa jenereta, magetsi, madzi, ufa ndi nyemba za odwala, matayala, sopo, choko, petulo wa njinga yamoto ya mlangizi wa sukulu, ndi alawansi ya anamwino opita kukachita sikelo kumidzi yakutali. Popeza zina zonse n'zokhomedwa, mpeni ukabwera umagwera pamenepa.

Kuno kwathu kudula bajeti sikulengezedwa kawirikawiri. Nduna ya zachuma siimirira ku Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti chaka chino zipatala zilandira zochepa. Manambala papepala amakwera pafupifupi chaka chilichonse. Kudula kumabwera mozemba. Nthawi zina ndi maiko othandiza amene amatseka mpopi, monga mu 2011 ubale ndi Britain utasokonekera, ndiponso kumapeto kwa 2013 nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, itaphulika, pamene abwenzi amene ankathira pafupifupi 40 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti anaimitsa thandizo lolowa mwachindunji m'thumba la boma. Bajeti ya 2014/15 ya malemu Goodall Gondwe inatchedwa yosadalira thandizo lakunja pa chifukwa chimenechi. Nthawi zina ndi kwacha imene imagwa: ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti ya chipatala imakhala yomweyo, koma malita a dizilo amene ingagule amachepa usiku umodzi. Ndipo njira yozolowereka kwambiri ndi imene mlangizi uja ananena: ndalama zimene zinavomerezedwa kuti zizibwera mwezi ndi mwezi zimachedwa, kapena zimabwera theka. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula zimenezi mobwerezabwereza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Bajeti ndi fodya wa pachala.

Tsono tiyeni tilowe mu ofesi imene kusankha kwenikweni kumachitikira. Akauntanti wanena kuti ndalama zalowa, koma sizinakwane. Akuluakulu a zaumoyo m'bomalo amakhala pansi: dokotala wamkulu, amene anthu amamutchabe DHO ngakhale udindowo unasintha dzina, mkulu wa anamwino, woyang'anira chipatala, wa zaukhondo, wa mayendedwe. Aliyense wabwera ndi fayilo yake. Mayunitsi a magetsi atsala a masiku awiri, ndipo m'chipinda cha opaleshoni ndi mufiriji ya katemera magetsi sangazime. Amenewo amalipiridwa popanda mkangano. Madzi chimodzimodzi. Mwini filing'i sitesheni wanenetsa kuti sapatsanso mafuta pangongole mpaka ya miyezi yam'mbuyo itachepako, ndiye apatsidweko pang'ono kuti asatseke buku. Wopereka ufa ndi nyemba wakhala pabenchi panja pa ofesi kuyambira m'mawa, ndipo aliyense wolowa amam'patsa moni. Ameneyonso apatsidweko. Pofika pa mzere wa sikelo ya kumidzi yakutali, wa ulendo wokayendera zipatala zing'onozing'ono, wa kukonza sola ya chipinda cha amayi kumalire a boma, ndalama zatha. Palibe amene wanena kuti zimenezi n'zosafunika. Zangokhala kuti zilibe munthu wozikhalira pabenchi.

Umu ndi mmene kudula kumayendera, ndipo m'maganizo mwanga anthu a mu ofesiwa sindiwaona ngati oipa. Atapatsidwa mpandowo aliyense wa ife angayambenso ndi magetsi a opaleshoni. Koma zotsatira zake zili ndi mbali imene zimapendekera. Chipatala chachikulu cha pa boma, chimene chili pafupi ndi atolankhani, aphungu ndi bwanamkubwa, chimapulumuka. Chaching'ono cha kuseri kwa phiri ndicho chimatsala. Zochiza matenda amene afika kale zimapambana zoteteza matenda amene sanafike, mpaka kolera atabwera ngati wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700. Mu 2015, thumba litaphwa pambuyo pa Cashgate, zipatala zingapo za m'maboma zinafika podyetsa odwala kamodzi patsiku, ndipo ma ambulansi ambiri anakhazikidwa pamiyala. Zikatero abale a wodwala amauzidwa kuti apeze okha mafuta kapena galimoto, ndipo ndalama imene boma silinapereke imatuluka m'mbuzi ya banja.

Pali ofesi ina imene pa mikangano yonseyi dzina lake silimveka: ya chisamaliro cha anthu. Ndiyo imayenera kulondola nkhani ya mwana wogwiriridwa, kubweza kusukulu mtsikana wokwatiwitsidwa ali wamng'ono, kuyendera agogo olera ana amasiye, kuyang'anira sukulu za mkombaphala. ORT yake ndi imodzi mwa zazing'ono kwambiri pa boma. Mafuta a njinga yamoto akasowa, mkulu wa ofesiyo amadikirira galimoto ya bungwe lina lopita mbali yomweyo kuti akwere nawo, ndiye kuti mwana amene adzathandizidwe ndi wa dera limene bungwelo likugwirako ntchito. Alezi a mkombaphala ambiri ndi ongodzipereka. Sanyanyala ntchito, chifukwa palibe malipiro oti anyanyalire. Kudula kwa mtundu uwu sikusiya chizindikiro. Ambulansi yopanda matayala imaoneka ndipo ena amaijambula n'kuiponya pa Facebook. Nkhani ya mwana imene sinalondoledwe imangozimirira m'mudzi.

Ku ndalama za chitukuko nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko ndale zimalowa ndi nsapato zomwe. Thumba la CDF linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma lakhala likukula ngakhale m'zaka zimene zina zonse zimafota, mpaka kufika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2024/25. Chifukwa chake n'chosabisika: amene amavomereza bajeti ya dziko ndi aphungu omwewo. Malamulo ake amati ntchito zizichokera ku zimene ADC yasankha, koma ma ADC ambiri akhala akudandaula kuti amangoona lole ikutsitsa simenti pamalo amene iwo sanatchule. Phungu amafuna chinthu chooneka, cholembedwa dzina, chotha chisankho chisanafike. Sindikunena kuti midadada ya sukulu ndi milatho ya CDF n'zachabe. Ana ambiri achoka pansi pa mtengo chifukwa cha thumba limeneli. Koma taonani mmene zinthu zimakhalira: m'boma lomwelo limene ambulansi ilibe mafuta, mukumangidwa kachipatala katsopano kamene kadzafunenso namwino, nyumba yake, mankhwala ndi ulendo wa ambulansi yomweyo. Ndalama ya njerwa siingasandutsidwe dizilo ngakhale khonsolo yonse itagwirizana. N'chifukwa chake mumapeza nyumba zopakidwa penti bwino zokhala ndi loko pachitseko, mbuzi zikugona pakhonde.

Mu May 2025 khothi lalikulu, litakhala ngati khothi loona za malamulo aakulu a dziko pa mlandu umene MALGA inakasuma, linagamula kuti kulowerera kwa aphungu poyendetsa CDF komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulowo, popeza ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza, osati kugwira ntchito imene iye yemwe ayenera kuilondoloza. Makhansala anasangalala. Ine ndinasangalala pang'ono pokha, chifukwa khansala nayenso amafuna mavoti, ndipo mjigo wokumbidwa pafupi ndi kwawo kwa khansala sumasiyana ndi wokumbidwa pafupi ndi kwawo kwa phungu. Kuyambira mu 2020 kwabweranso ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse kudzera mu ntchito ya GESD, zimene khonsolo imalandira molingana ndi mmene yakhozera pa kuunikidwa kwa chaka ndi chaka. Zathandiza kuti mabuku azisungidwa bwino. Funso limene limandivuta ndi lakuti khonsolo ikalephera mayesowo chifukwa cha ulesi wa mu ofesi, amene amalangidwa ndi mayi wa kumudzi amene sanaoneko ngakhale chitseko cha ofesiyo.

Kumene anthu a m'mudzi amasankhadi ndi manja awo ndi pa nkhani yowawa kuposa zonse, yosankha amene alandire ndi amene atsale. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 anali atafalikira m'maboma onse. Amafuna mabanja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo muyeso umene wakhala ukutsatidwa ndi wa mabanja 10 pa 100 aliwonse. Ndalama zake zambiri ndi za abwenzi akunja monga Germany, European Union, Ireland ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Kwa zaka zambiri boma la Malawi lakhala likulipira boma limodzi lokha, la Thyolo. Kalembera amayenda khomo ndi khomo kufunsa za denga, ziweto ndi kangati banja limadya, kompyuta imasanja maina, kenaka mudzi umaitanidwa pabwalo kuti utsimikize. Dzina likawerengedwa anthu amayankha. "Amenewo ayi, mwana wawo ali ku Joni, amatumiza." "Agogo awa bwanji sakumveka?" Ndi bwalo lovuta kukhalapo, chifukwa umphawi wa munthu umayalidwa poyera ngati mphasa, ndipo amene akukutsutsa ndi amene mawa mudzakumane naye pamaliro.

Muyeso wa 10 pa 100 uja sunachokere m'mudzi. M'midzi yambiri banja la nambala 10 ndi la nambala 25 amasiyana ndi nkhuku ziwiri zokha. Ndiye midzi inapeza yankho lakelake, limene silinalembedwe m'buku lililonse la ndondomeko: kugawana. Zinaonekera kwambiri pa makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, pamene thumba limodzi la makilogalamu 50 linkatsegulidwa pakhomo pa nyakwawa n'kuyezedwa ndi ndowa pakati pa mabanja awiri kapena atatu. AIP, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo imene inalowa m'malo mwa makuponiwo, itayamba mu 2020 olandira anali oposa 3.5 miliyoni, pofika 2023/24 anali atatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo dzina lililonse lochotsedwa linali mlandu wofika kwa mfumu. Chimanga cha chithandizo nachonso chimagawidwa chimodzimodzi galimoto ya bungwe ikangokhota. Akatswiri amadandaula kuti kugawana kumasukulutsa thandizo, kuti feteleza wa ndowa imodzi sasintha munda, ndipo pa masamu akunena zoona. Koma nyakwawa ikuwerengera zina. Ikudziwa kuti amene wamanidwa lero sadzabwera kukaumba njerwa za sukulu, adzanena kuti apite amene analandira. Ikudziwanso kuti bungwe lidzapita koma mudzi udzatsala, ndi kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali mafumu ena amene amabisala kuseri kwa mwambowu n'kumadula gawo lawolawo, ndipo amenewo ndi akuba basi. Koma kugawana pakokha ndi mmene mudzi umakanira kuti mzere wojambulidwa ku Lilongwe udutse pakati pa abale.

Njira ina ndi kusonkha. Maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndalama za boma sizinawapezepo anawo. Ndalama yothandizira sukulu ikachedwa, komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi zimaitanitsa msonkhano. Amagwirizana kuti mwana aliyense abweretse ndalama yakutiyakuti ya chitukuko: ya mlonda, ya mphunzitsi wongodzipereka, yosindikizira mayeso. Komiti ya mjigo imatolera mwezi ndi mwezi ya mapaipi ndi marabala. Pa phala la ana, kaya ufa wake wachokera ku Mary's Meals kaya makolo asonkha chimanga, amene amadzuka mbandakucha kukatunga madzi, kutola nkhuni ndi kutakasa mphika ndi amayi. Amene sanabwere ku chitukuko amalipa nkhuku kwa mfumu. Kunena mosabisa, uwu ndi msonkho, ngakhale palibe khonsolo inauvomereza, ndipo ndi msonkho umene mphunzitsi wopuma ndi mayi wamasiye wa ana asanu amalipira mofanana pa mutu wa mwana. Lamulo silimalola kubweza mwana chifukwa cha ndalama ya chitukuko, koma makolo ambiri akudziwa zimene zimachitika sabata ya mayeso.

Madera amene chipatala chawo chapafupi ndi cha mishoni amamva kudula mwanjira inanso. Zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi, ndipo n'zolipira. Kuyambira mu 2006 akuluakulu a zaumoyo m'maboma akhala akusainirana nazo mapangano akuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Ngongole ikaunjikana, chipatala chimaimitsa panganolo, chikwangwani cha mitengo n'kubwerera pakhoma. Palibe VDC imene inafunsidwa. Mayi amangomva kwa anzake kuchitsime kuti kumishoni ayambanso kulipiritsa, ndipo iye ndi mwamuna wake amapanga bajeti yawoyawo usiku umenewo.

Chaka cha 2025 chinaonetsa poyera kutalika kwa chingwe chimene chimamanga zosankha za kumudzi. Pa 20 January Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kwa masiku 90, ndipo pakati pa chaka USAID, nthambi ya boma la America yopereka thandizolo, inatsekedwa. Ma ARV ambiri a kuno amagulidwa ndi Global Fund, choncho mankhwalawo sanasowe tsiku lomwelo. Chimene chinasowa ndi anthu ndi mawilo: oyeza magazi, alembi a pa kompyuta, olondola amene asiya kumwa mankhwala, njinga zamoto zonyamula magazi kupita kokapimidwa. Ambiri mwa amenewa sanali pa mndandanda wa malipiro a boma ndipo ndalama zawo sizinkadutsa n'komwe m'mabuku a khonsolo. Makhonsolo anadzidzimuka atapeza kuti ntchito zimene ankaziona ngati zawo zinali zoimira pa bajeti imene sanaionepo. Zotsalazo zinagwera anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene analipo kale, ndi pa ORT yomwe ija.

Kodi ndiye anthu alibe pogwira? Alipo, koma si pamene ambiri amayang'ana. Ochita malonda m'misika anatulukira kalekale kuti khonsolo imamva msanga akasiya kudula matikiti. Zimbudzi zikadzaza, zinyalala zikaunjikana, amagwirizana kuti wotolera asalandire kanthu, ndipo pasanathe sabata akuluakulu amabwera kudzakambirana, chifukwa ndalama ya tikiti ndi yokhayo imene khonsolo imagwiritsa ntchito mwaufulu. Makomiti a pa zipatala zing'onozing'ono ali ndi udindo wokhalapo mankhwala akamatsitsidwa ndi kusainira, ndipo kumene komiti ili yamaso, makatoni sasochera wamba. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo makhonsolo amayenera kumata pa bolodi ndalama zimene alandira. ADC yochenjera siifunsa kuti bajeti ya chaka chino ndi zingati. Imafunsa kuti mwezi watha munalandira zingati, munalipira chiyani choyamba, ndipo chatsala n'chiyani. Khansala amene ali mu komiti ya zaumoyo kapena ya zachuma angathe kuumiriza kuti khonsolo igwirizane pasadakhale mndandanda wa zoyamba kulipira ndalama zikabwera zoperewera, kuti sikelo ya kuseri kwa phiri ikhale ndi kagawo kake kosakhudzidwa ngakhale wa nyemba atakhala pabenchi. Zimenezi sizichulukitsa ndalama. Zimangochititsa kuti amene wadulidwa adziwe kuti wadulidwa, ndiponso adziwe woti akam'funse.

Ndinadutsanso kudera lija patapita chaka ndi miyezi. Mjigo unali usanakumbidwe. Bungwe lina linakumba wake mudzi woyandikana nawo, kumene galimoto yake yokumbira inkatha kufika. Chidikiro anthu anatopa n'kudikira, a T/A n'kulamula kuti gulupu aliyense aumbe njerwa. Amayi anatuta mchenga pamutu, amuna anawotcha uvuni, wamalonda wina wa pamsika anapereka matumba angapo a simenti, khoma n'kufika pa mawindo. Malata ndi amene ankadikirira kuchokera ku boma. M'kati mwa chipupacho munali mutamera chisoso, ndipo mayi wina woyembekezera, amene ankagona pakhonde la chipatala, anali atayanika zitenje zake pa khomalo. Mlembi wa ADC anandionetsa kope lake. Mndandanda wa chaka chatsopano unali utalembedwa kale, mjigo pamwamba, malata a chidikiro pa nambala 2.